Firiji ya Mudzi Wonse

"Kodi wafera m'nyumba muno ndani?" anafunsa Waisake atangokankha chitseko.

 Amayi ake anatseka mphuno ndi nsonga ya sulu, nsalu yawo ya m'chiuno, n'kubwerera panja. Banja lonse linali litangotsika m'boti kuchokera ku msonkhano wa mpingo pa chilumba china, ndipo fungo linafulumira kuwalonjera kuposa galu. Pansi pa firiji panali patadikha madzi ofiirira, ntchentche zobiriwira zili pa phwando.

Torika, mlongo wake wa Waisake, anayang'ana pakhoma. Inveta yakale ija, bokosi lotuwa limene linkasandutsa mphamvu ya mabatire a sola kukhala magetsi a m'nyumba, inangoti zii, kanyali kake katazima. Iye ankadziwa pamene kanazimira. Tsiku lonyamuka, anthu akuthamangira kugombe, analumikiza simbi yamagetsi yobwereka kuti asite diresi la kwaya, ngakhale bambo ake analetsa kalekale. Bokosilo linangoti phwa, n'kutulutsa kautsi. Woyendetsa boti anali akukuwa kale. Torika anabisa simbiyo, natseka chitseko.

Firiji ya bambo akewo, a Apisai, inali yokhayo m'mudzimo. Munthu akabwera ndi thumba la nsomba n'kunena kuti "kerekere", mawu opemphera chithandizo, sankabwezedwa, ngakhale malo atatha. Motero munali nsomba za abusa, nkhanu za aphunzitsi, ndi mwendo wa nkhumba wosadziwika mwini wake. Tsiku limenelo eni ake onse anapeza zochita kumunda.

Anabwera mmodzi yekha, azakhali a Vilimaina, mayi wamasiye amene ankadalira firijiyo kusungira nsomba mpaka boti la kumsika litafika.

"Kerekere, achimwene, nditsuke nawo," anatero ali pakhomo.

"Mwathandiza kale mokwanira, achemwali," anayankha bambo Apisai. "Ndowa yathunthu ya nsomba zofunda, munangokhuthulira m'firiji ife tikunyamuka! Bokosi lokalamba ngati ili likanapirira bwanji? Likabwera latsopano, za anthu sizilowanso muno. Kuyambira zanuzo."

Azakhaliwo sanatsutse. Anagwada n'kutsegula chivindikiro. Waisake anathawira ku mtengo wa koko. Matumba anali atatupa ngati mimba za achule, ndipo Torika atakoka limodzi linaphulikira pa mkono pake, mphutsi zoyera zikuyenda pakati pa zala. Anathamangira kuseri n'kusanza mpaka misozi.

"Pumira m'kamwa, mwanawe," anatero azakhaliwo atabwerera. "Usayang'ane, ingogwira."

Nsomba zawo za kumsika anakazikwirira okha kuseri kwa nthochi. Torika anatsegula pakamwa kuti aulule za simbi ija, koma anangomva kuwawa kwa masanzi, natseka.

Boti lotsatira linabwera ndi amalume a Nemani, amene ankakonza magetsi ku mzinda wa Suva, atanyamula inveta yatsopano pa phewa. Anadula moto wa mabatire, anamasula mawaya, natsitsa yakale ija pa mphasa. Atachotsa chitsulo chakumbuyo, anabwerera m'mbuyo akupukusa mutu. M'katimo munali analimata ouma atamatirira pa mawaya, zitosi za mphemvu zodzaza dzanja, ndi chisa cha khoswe chonunkha mkodzo.

"Amalume, zawotchedwa kale izi," anatero Waisake. "Tingothira mchere, mudyere chinangwa."

"Uyambe ndiwe, galu iwe, ukule," anaseka amalumewo. Kenako anatembenukira kwa bambo Apisai. "Alamu, munkagona ndi manda pakhoma. Chinali chitatha kale ichi. Chinkangodikira woti achikankhe."

"Wokankhayo tikumudziwa," anatero bambo Apisai.

Palibe anayang'ana Torika. M'nyumba munali mutatsukidwa ndi sopo ndi mandimu, fungo lonse litatha, koma iye ankalimvabe. Ananunkhiza mkono wake. Unali woyera.

Amalume anakhoma bokosi latsopano, analumikiza mawaya, nayatsa. Kanyali kanawala. Firiji inayamba kung'ung'udza, yopanda kanthu m'kati, yoyera ngati mbale ya ku tchalitchi. Amayi anaomba m'manja.

Nthawi yomweyo azakhali a Vilimaina anadutsa panjira akuchokera kunyanja, sulu itanyowa mpaka m'chiuno, ndowa ili m'manja ataiphimba ndi masamba. Dzuwa linali pa liwombo. Anapereka moni mwaulemu, koma sanakhote. Ntchentche zinali zitayamba kale kuwatsatira.

Torika anaimirira.

"Bambo, ndikukatenga ndowa ija. Ilowa m'firiji lero, ndipo izilowa masiku onse."

"Iwe, wapenga? Wakuuza ndani zimenezo?"

Koma Torika anali atatsika kale masitepe, opanda nsapato, akuitana azakhali ake kuti aime.