Dengu Amayambira Pansi

Kangaude kanali kamakina kochepa ngati njere ya nyemba. Kankalowa m'mimba mwa khanda kudzera pamchombo, n'kumaluka matumbo ndi ulusi wopangidwa kuchokera ku mchombo womwewo. Pofika chaka cha 2091, palibe khanda lomwe ankaling'ambanso ndi mpeni.

Koma pa mwana wa a Sikelo, mmisiri woluka madengu, Kangaude kanangoima, nyali yake yofiira n'kuyaka.

"Mwana wanu wabadwa ndi mavuto atatu," anatero Dokotala Kachigamba, akuloza chithunzi choyandama m'mwamba. "M'mero sunafike m'chifu, matumbo ndi otsekeka pakati, ndipo njira yachimbudzi palibe. Lililonse palokha kamalitha. Onse pamodzi sikanawaonepo, ndiye kakuti ulusi uthera panjira. Akapanda kuyamwa, masiku atatu safika."

A Sikelo mantha anawagwira. Komabe diso la mmisiri silimva manyazi, linakakamira pachithunzipo.

"Pepani adokotala, ine sukulu ndinangoinunkhiza. Kameneka kakuyambira pati?"

"Kummero, bambo. Kamayambira komweko nthawi zonse."

"N'chifukwa chake kakulephera. Dengu sitiyambira kukamwa ayi. Mukamanga pansi, nsungwi zimadzikoka zokha n'kuyandikana, pofika pamwamba mpata watsala pang'ono."

Dokotala analamula Kangaude kuti kayesere kuwerengera kuchokera pansi. Nyali yofiira ija inasanduka yobiriwira.

Kanaluka maola asanu ndi limodzi, ulusi n'kutsalako wotalika ngati chala. Tsiku lachitatu mwana anayamwa, ndipo masana ake anaipitsa thewera. A Sikelo, munthu amene kwawo sanagwirepo thewera, anayenda nalo wodi yonse akuonetsa aliyense, chifuwa chili patsogolo. Anamwino anaseka mpaka misozi.

Chimene palibe anayembekezera n'chakuti tiakangaude tonse tapadziko timaphunzira pamodzi. Kuyambira sabata imeneyo, tikakumana ndi vuto lachilendo timayamba taima n'kufunsa makolo a mwana kuti, "Kodi inu mumagwira ntchito yanji?" Akatswiri anayesa kulichotsa funsolo, koma linkangobwerera. Atelala, osoka nsapato ndi omata machubu anayamba kuitanidwa m'zipinda za opaleshoni.

A Sikelo akadali pansi pa mtengo wawo kumsika, akung'amba nsungwi. Wogula akanyoza mtengo wa dengu, iwo amaloza kamtsikana konenepa komwe kakutafuna chimanga pambali pawo.

"Musaderere manjawa," amatero. "Uyu ndi dengu langa lomwe silidontha."