Dzina Lomwe Rozina Analipeza pa Bini

Anakumana pa siteji ya basi ku Partick, mumzinda wa Glasgow, mvula ikugwa chammbali. Ambulera ya Rozina inali itapindikira kumwamba ndi mphepo, ndipo iye ankailalatira m'Chichewa.

"Ikhululukireni achemwali, nayonso ndi yobwera," anatero mnyamata wina kumbuyo kwake.

Mnyamatayo anali Flywell, wa ku Ntcheu, wogwira ntchito ya makompyuta. Basi isanafike ku Hillhead, komwe Rozina ankagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, anali atatenga kale nambala yake, atamuuzanso kuti Chifalansa amachilankhula ngati madzi.

Chifalansacho ndi chimene chinamugwetsa Rozina. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji, ma poubelle? Dzuwa la ku Glasgow lakana kutuluka, likuopa kupikisana nawe."

"Kodi poubelle ndi chiyani?" anafunsa tsiku lina.

"Belle ndi wokongola," Flywell anayankha mosaphethira. "Ukawonjezera pou, ndiye kuti wokongola mopyola muyezo."

Ndi mtsikana uti amene akanakana dzina lotere? Rozina analilembetsa mpaka pa keke ya ukwati. Ku holo, Flywell anagwira maikolofoni n'kulonjeza pamaso pa anthu onse: "Ma poubelle, ndidzakusamala. Sindidzakusiya panja, ngakhale kugwe mvula." Amayi awiri a ku Congo, oimba kwaya kutchalitchi kwawo, anatsamwa ndi juwisi n'kutuluka atagwira pakamwa. Anthu anati akhudzidwa.

Patapita miyezi ingapo, hanimuni anakadyera kugombe la France. Kuhotela aliyense ankamva Chingelezi, choncho zinthu zinkayenda. Kenako Rozina anati akwere boti akaone kachilumba kena pafupi, akabwerere madzulo omwewo.

Kanali katauni kakang'ono: nyumba zoyera za mawindo a buluu, njinga paliponse, msewu umodzi, Chingelezi n'kusowa. Analowa m'kalesitilanti ka padoko. Woperekera zakudya analankhula mwaliwiro, Rozina n'kuyang'ana mwamuna wake monyadira.

"Oui," anatero Flywell.

Bambo uja anafunsanso zina.

"Oui, oui."

"Wati chiyani?" Rozina anafunsa.

"Wati tafanana. Ndaitanitsa nkhuku."

Kunabwera mbale yaikulu ya nkhono za m'nyanja, zosaphika, zitagona pa ayezi. Flywell anaikokera mbaleyo pafupi.

"Chifalansa cha kuno n'chakumudzi, dali. Nkhuku amaitchula mwina."

Anadya yekha, thukuta lili kamukamu. Rozina anagula ayisikilimu panja, ndipo atamaliza anapita kukataya kapepala. Apo ndi pomwe anaima.

"Flywell, tabwera undijambule. Alemba dzina langa."

Anamwetulira ataima pambali pa zilembozo. Kenako anayang'anitsitsa chimene analembapo. Chinali chibini chobiriwira, ntchentche zikuzungulira. Kutsidya kwa msewu kunali china, ndipo nachonso chinali ndi dzina lake.

"Mwina ndi dzina la kampani," Flywell anatero ndi kamawu kakang'ono.

Rozina anamusiya pomwepo. Anapita kwa mayi wina wogulitsa zipewa, naloza bini, nadziloza yekha, naloza Flywell. Mayiyo ankadziwa Chingelezi chochepa, koma chinakwanira. Anamusisita Rozina paphewa, n'kumuyang'ana Flywell ngati galu woba mazira.

"A Flywell," Rozina anatero atabwerako. Sanamutchulepo choncho chikwatiraneni. "Zaka zonsezi mwakhala mukunditchula chotayiramo zinyalala?"

"Sindinkadziwa, ndikulumbira."

"Munalitenga kuti?"

"Ku Dennistoun, m'nyumba ndinkakhala ija. Munalinso Jasper wa ku Ivory Coast ndi mkazi wake. Lachiwiri lililonse mkaziyo ankaitana kuti 'Jasper, la poubelle!' Jasper n'kudzambatuka kuthamanga. Ine ndinkati chikondi chake n'chimenecho."

"Ndiye Chifalansa mumadziwa mawu angati?"

Flywell anawerenga zala. Sanamalize dzanja limodzi.

Misozi inalengeza m'maso mwa Rozina. Anakumbukira keke ija, zithunzi zomwe anatumiza kwa amayi ake ku Zomba, ndi amayi a ku Congo aja omwe Lamulungu lililonse ankamupatsa moni atayang'ana pansi. Adzalowa bwanji m'tchalitchi muja?

"Dzinalo ndikanaliseka," anatero. "Koma ndinakufunsani, inu n'kundinamiza mukundiyang'ana m'maso. Nanga zina zomwe munalonjeza ndizikhulupirire bwanji? Boti ndikwera ndekha. Musanditsate."

Ananyamuka ndi mkwiyo, nsapato zikugogoda pa miyala. Anadutsa tchalitchi, malo ophikira buledi, manda, nsanja ya nyali yowongolera maboti. Msewu unakhota, unakhotanso, n'kumufikitsa padoko pomwe paja. Flywell anali chiimire pafupi ndi bini.

"Ndinati musanditsate."

"Sindinasunthe, dali."

Analowera mbali inayo. Posakhalitsa anatulukiranso pomwepo, chifukwa msewu wa pachilumbapo unali wozungulira. Mayi wa zipewa uja anamubayibitsa. Atatopa, Rozina anakakhala pa khoma la doko atafulatira, mapazi akuwawa.

Foni inalira. Uthenga unali wochokera kwa munthu amene anali chapafupi pomwepo, atagwira pamimba chifukwa cha nkhono zija.

"Tsiku lija pa basi ndinaona kuti mkazi ngati iwe sangayang'ane mnyamata wamba wa ku Ntcheu, ndiye ndinadzikometsera. Ndinalakwa. Chifalansa sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukakwera boti wekha, ine nditsala pano osatha ngakhale kupempha madzi akumwa. Ndimakukonda, Rozina, m'Chichewa chomwe ndimachimva."

Rozina anawerenga kawiri. Anafuna kukwiyabe, koma atacheuka anamuona akuyesa kufunsa mayi wa zipewa komwe kuli chimbudzi. Ankachita ndi manja, mayiyo n'kumamuyesa chipewa chimodzi chimodzi. Phwete linamuphulika Rozina misozi idakali m'masaya.

Boti linaliza hutala. Rozina anatsika pa khoma, nakamugwira mwamuna wake pamkono.

"Chimbudzi chili m'boti. Tiye."

"Wandikhululukira?"

"Pang'ono. Amayi a ku Congo aja ukawafotokozera wekha, ine nditaima pambali. Ndipo kunyumba kwathu, kuyambira lero mpaka imfa idzatilekanitse, zinyalala wokataya ndiwe."

Flywell anatsegula pakamwa kuti avomere.

"Ukangoti oui, ndikuponya m'nyanja."

"Chabwino, mayi," anatero Flywell, ndipo anakwera boti atagwirana manja, iye akuyenda mofulumirirapo.