Anselmo Ankadikira Galimoto ya Boma

Ku Bembeke, pakhomo pa a Rafaelo ndi mayi Jesinta, tsiku linkayamba ndi pemphero, kenako khasu. Ndi mbatatesi ndi kabichi anaphunzitsa mwana wawo Anselmo mpaka anatenga digiri ku Zomba mu 1995.

Anselmo anakula akumva za amalume ake, a Zefaniya, amene anamaliza maphunziro m'zaka za m'ma 1970. Masiku amenewo ntchito ndiyo inkasaka munthu. Mabwana ankapita okha kukoleji kukasankha ophunzira zotsatira za mayeso zisanatuluke. A Zefaniya anachita kudzatengedwa pakhomo ndi galimoto ya boma, ndipo ku Lilongwe anakapeza nyumba ili yopakapaka penti.

Koma nthawi inali itasintha. Boma linkachepetsa antchito, makampani ankagulitsidwa, ndipo a madigiri ankatha nsapato poyenda m'maofesi.

Anselmo sanafune kuzimva. M'mawa uliwonse ankavala suti n'kukhala pakhonde, kuyang'ana nkhungu ikutsika pang'onopang'ono m'mitengo ya paini. M'nkhungumo ankaona ofesi yoyala kapeti, telefoni ikulira, mlembi akulowa ndi tiyi. Galimoto iliyonse yomveka patali inali yake, mpaka phokoso lake litazimiririka.

Tsiku lina kunabwera a Bonifasio, ahedi a sukulu ya sekondale ya misoni ya m'deralo.

"Tikusowa mphunzitsi wa masamu," anatero. "Malowo ndikusungira mpaka Lolemba lotsegulira teremu. Ukapanda kubwera, ndipatsa wina."

"Ndiganiza kaye," anayankha Anselmo, osaimirira n'komwe.

Ahedi atachoka, a Rafaelo anati, "Iwe, ukaganiza chiyani? Ntchito yakupeza pakhomo."

"Bambo, digiri yanga si ya choko. Amalume anagwirapo choko?"

"Ophunzira ngati amalume ako anali ochepa m'dziko lonse, mwana wanga," anatero mayi Jesinta. "Inu mwachuluka ngati kabichi wa pa Bembeke. Tenga chimene Mulungu wakupatsa."

Madzulo ake anakumana ndi Vinsenti, mnzake wa kupulayimale, amene tsopano anali kondakitala wa minibasi.

"A Digiri! Mukuolera chiyani kuphiri kuno?" anaseka Vinsenti. "Ndi bwana uti angakwere msewu wafumbiwu kudzakufunani? Tiyeni ku Chimbiya. Mabwana onse a ku Lilongwe amaima pamenepo kugula mbatatesi. Akangoona sutiyo, basi, mwalembedwa."

Anselmo anakwera. Ku Chimbiya mabwana ankaimadi, koma ankangotsitsa galasi, kugula, n'kumapita. Kunkazizira, ndipo Vinsenti ankadziwa nyumba ya kuseri kwa msika kumene kunkatchezedwa kachasu.

"Kamodzi kokha, bwana, kochotsa mphepo," anatero Vinsenti.

Anamwa. Ofesi ija inabwereranso, yowala kuposa kale. Anayamba kupitako tsiku ndi tsiku. Amayi ake anamva fungo, nalira. Bambo ake anati, "Ukumwa thukuta lathu." Iye anangoti mawa asiya.

Loweruka lomaliza la tchuthi analonjeza makolo ake kuti ntchito ija ailandira, koma akatsanzike kaye anzake. Lamulungu sanaoneke kutchalitchi.

Lolemba m'mawa anatulukira pabwalo la sukulu ana atafola kale, suti ili matope okhaokha. Nkhungu inali itaphimba bwalo lonse. M'maso mwake mizere ya anawo inasanduka makalaliki odzamulandira. Anadula pemphero la ahedi pakati, nakweza dzanja ngati nduna.

"Khalani pansi nonse. Ndani andionetse ofesi yanga?"

Anaponda sitepe imene panalibe, nagwa chafufumimba. Ana anaseka, koma a Bonifasio sanaseke.

"Sindingapereke ana a eni kwa munthu wotere," anatero. "Kaitaneni bambo ake."

A Rafaelo anabwera ndi njinga, namukweza mwana wawo pakaliyala. Anaikankha kudutsa m'mudzi monse, anthu akusiya makasu kuti aonerere. Tsiku lomwelo malo aja anapatsidwa mtsikana wina wa digiri, amene anakwera phirilo wapansi kudzawapempha.

Anselmo sanagwirepo ntchito iliyonse. Mpaka lero ali ku Chimbiya, amalankhula Chingerezi chabwino kwa oledzera kuti amugawireko.

Inu achinyamata, imvani. Kunyoza ntchito yoyenera chifukwa chofuna ulemu wa nthawi ya amalume anu ndi ulesi ndi kunyada, ndipo waulesi mowa suchedwa kumupeza. Ntchito imene ili pamaso panu lero, igwireni muli bwinobwino.