Tabuleti ya Kapitawo Isaiah

Chimene a Zakeyu anayamba kuona ndi kanyali kobiriwira. Zaka makumi atatu akulonda ofesi ya esiteti, ankadziwa kulira kwa chitseko chilichonse, koma kabokosi kakuda kamene kanaikidwa m'chipinda chamkati sanakazolowere. Ankakatchula kuti seva. Mayi Salome, wa makompyuta wochokera ku Lilongwe, anawauzapo kuti m'tabuleti ya kapitawo aliyense muli kapulogalamu kamene kamaitana sevayo n'kutchula nambala ya wantchito, ndipo iyo imayankha munda umene munthuyo akathyole tiyi. Ikaitanidwa, kanyali kamaphethira, kabokosi n'kulira kuti tii.

Masana zinali zomveka. Koma tsopano kankaphethira kutada, akapitawo onse atatsekera matabuleti awo m'kabati.

Usiku woyamba anati mwina ndi magetsi. Wachiwiri kunali chiperoni, nkhungu itameza mabulugamu onse, madontho akugwa pamalata limodzilimodzi, ndipo kulira kuja kunkabwera motalikirana, ngati munthu wogogoda amene akuyamba wamvetsera ngati akumutsekulira.

Atawauza, mayi Salome anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. Kenako anati imene ikuitana ndi tabuleti ya kapitawo Isaiah. A Zakeyu anagwira mpando. Tabuleti imeneyo inapita ndi madzi mu Januwale, tsiku limene kamlatho ka kukhwawa kanakokoloka ndi Isaiah pamodzi ndi othyola atatu. Mmodzi anali Enid, mkazi wa a Zakeyu. Thupi la Isaiah linapezeka. La Enid ayi.

"Ikufunsa nambala yanji?" ananong'ona a Zakeyu.

"412."

Nambalayo inali yolembedwa padengu la Enid limene linali chipachikire kunyumba kwawo.

"Nanga seva ikuti chiyani?"

"Ikuti palibe. Tinawachotsa pamndandanda, bambo."

Mayiyo anafotokoza kuti kapulogalamuko anakalemba yekha, kuti kakapanda kupatsidwa munda kazifunsabe. Koma batire lokhala miyezi isanu m'matope osatha moto, limenelo sankalidziwa.

Kulaini, kunyumba za antchito, nkhani inawanda. Ena ankati Isaiah akuitanabe mayina a anthu ake pansi pamadzi. Ena ankati nkhalambayo inatola tabuleti ndipo imaseweretsa usiku. A manijala, a Mervin, munthu wobwera dzulodzuloli ndi nsapato zonyezimira, anasankha yachiwiriyo. Anawauza a Zakeyu kuti pofika Lachisanu tabuleti ibwere, apo ayi ntchito yatha ndipo nyumba ya kulaini aisiye. Pomwe mlondayo anali munthu woti ngakhale dzina lake amalemba movutikira! Anawasecha nyumba yonse, dengu la Enid n'kuligubuduzira panja pamatope, osapeza kanthu.

Lachitatu ndi Lachinayi kanyali sikanapume. A Zakeyu ankakhala pansi pa windo atafunda chikhoti, akuwerenga kulirako mpaka kusokonezeka. Anawapempha mayi Salome kuti auze kabokosiko kayankhe kamodzi kokha, kamupatse Enid munda uliwonse, mwina n'kupumula. Mayiyo anati womwalira sangamubweze pamndandanda popanda chilolezo cha a manijala. A manijala anaseka.

Lachisanu anawalanda kiyi ndi tochi. Kwawo ku Nsabwe munda anagawana kalekale adzukulu, choncho dzuwa litalowa anali adakali pakhonde la ofesi, mtolo wawo pambali, dengu lili pamiyendo. Nkhungu inkakwera kuchokera kukhwawa.

Mayi Salome anatuluka mochedwa, akukokera juzi pachifuwa.

"Yasiya kufunsa za amayi," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye wapumula?"

"Ikufunsa nambala 88."

Inali ya a Zakeyu. Nambala imeneyo ankaiyankha m'mawa uliwonse kwa zaka makumi atatu.

"Seva yati chiyani, mwanangu?"

Mayiyo anayang'ana pansi. Ndi yemweyo amene anawachotsa a Zakeyu pamndandanda masana.

Mkatimo kabokosi kanalira kuti tii, kanadikira, kanaliranso. A Zakeyu anadzuka pang'onopang'ono, nakoleka dengu kumsana. Mtolo anausiya pomwepo. Anatsika kanjira ka pakati pa tiyi kolowera kukhwawa, ndipo asanafike pabulugamu woyamba, nkhungu inali itawatseka.

Kanyali kanaphethira kamodzi, n'kuleka.