Musatape Phazi la Adada

Luntha ndi mtsikana wa pa Rumphi boma. Ali ndi maso akuthwa. Nyerere ikadutsa, Luntha waiona. Ntchentche ikatera, Luntha waiona. Mwana ameneyu simungamubisire kanthu!

Bambo ake a Luntha ndi a Msiska. Luntha amawaitana kuti Adada. Adada ndi dalaivala. Ali ndi galimoto yoyera. Amanyamula alendo. Amawaonetsa tauni. Amawaonetsa mapiri. Amawaonetsa nyanja. Ulendo umodzi umatenga masiku angapo.

Luntha ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kupita nawo.

"Adada, munditenge," ankatero Luntha.

"Mawa," ankayankha Adada.

Koma mawalo silinkafika!

Holide itayamba, Adada anamuitana.

"Luntha, longedza zovala. Mlendo ndi mmodzi yekha. M'galimoto muli malo."

Luntha analumpha. Anavina. Anavala nsapato zake za kutchalitchi. Amama anamuikira jombo m'chikwama.

"Kuphiri ukavale jombozi," anatero Amama.

Adada nawonso anavala nsapato zatsopano. Zinali zakuda. Zinali zonyezimira. Zinkalira kuti kwi, kwi, kwi.

Anapita ku Mzuzu kukatenga mlendo. Mlendoyo anali Anti Muriel. Anti Muriel anachokera ku Blantyre. Sankalankhula kwambiri. Sankaseka kwambiri. Anali ndi chikwama chobiriwira. Chikwamacho sankachiika pansi. Mkati mwake munkalira kuti ngwe, ngwe, ngwe.

"Anti, m'chikwamamo muli chiyani?" anafunsa Luntha.

"Tinthu tanga," anayankha Anti Muriel.

Tinthu tanga? Luntha sanakhutire. Anachiyang'ana chikwamacho ndi diso limodzi.

Ku Mzuzu kunkagwa mvula yowaza. Anaona wotchi yaikulu ya pakati pa msewu. Anaona msika. Anaona tchalitchi. Luntha anaona nyumba zosanjikizana. Anayang'ana kumwamba mpaka khosi kuwawa.

Kenako anafika pasukulu ina yakale.

"A Msiska, imani pano," anatero Anti Muriel.

Onse anatsika. Pageti panali matope ofiira. Adada anaponda m'matopemo. Luntha anapondanso m'matopemo.

Anti Muriel anagwada. Anatsegula chikwama chija. Anatulutsa kabotolo. Anatulutsa supuni. Anatapa dothi lofiira. Analithira m'kabotolo.

Abale! Anatapa pomwe panaponda Adada!

Mtima wa Luntha unagunda. Gu, gu, gu! Anakumbukira mawu a Wezi, mnzake wa kusukulu.

"Munthu woipa amatapa dothi pamene waponda," anatero Wezi tsiku lina. "Kumeneko ndi kutapa phazi. Akakutapa, phazi limatupa. Suyendanso."

Luntha anayang'ana phazi la Adada. Adada ankabwerera kugalimoto. Kwi, kwi, kwi. Koma taonani! Adada ankatsimphina pang'ono.

Anakagona kunyumba ku Rumphi. M'mawa mwake anakonzeka kupita ku Nyika. Luntha anavula nsapato za kutchalitchi. Anaziponya kumbuyo kwa galimoto. Anavala jombo zake.

Kenako anakoka malaya a Adada.

"Adada, Anti aja si abwino," ananong'ona.

"Iwe Luntha!" anatero Adada. "Mlendo sitimunena. Mlendo ndi mame. Kwera galimoto."

Luntha anakwera. Anatupitsa masaya. Akuluakulu samva, abale!

Galimoto inakwera phiri. Inakwera. Inakwerabe. Mitengo inatha. Panatsala udzu wokhawokha. Kunali nkhungu. Kunkazizira mpaka mano kugundana.

Anatsika kuti ayende pang'ono. Dothi la ku Nyika linali lakuda. Linali lonyowa. Linkamata kunsapato.

Luntha anapeza nzeru. Anayenda pambuyo pa Adada. Adada akaponda, Luntha afufuta. Adada akaponda, Luntha afufuta.

"Luntha, ukuvina gule wanji?" anafunsa Adada.

"Ndikumva kuzizira," anayankha Luntha.

Adada akaponda, Luntha afufuta.

"Taonani uko!" anakuwa Adada. "Mbidzi!"

Luntha anatembenuka. Zoonadi, mbidzi! Zinali ndi mizere yakuda ndi yoyera. Panalinso kamwana ka mbidzi. Kankayamwa. Luntha anatsegula pakamwa. Anaiwala kufufuta.

Ngwe, ngwe, ngwe.

Luntha anacheuka. Mayo! Anti Muriel anali atagwada. Kabotolo kali m'manja. Supuni ili m'manja. Dothi lakuda lalowa kale.

Adada anakhala pamwala. Anavula nsapato imodzi.

"Phazi ili likundisautsa chomene," anatero Adada.

Luntha anasuzumira. Chala chachikulu chinali chitatupa. Chinali chofiira.

Luntha anachita mantha kwambiri. Phazi limenelo ndi limene limaponda buleki. Phazi limenelo ndi limene limayendetsa galimoto. Likatupa, Adada sadzayendetsanso. Likatupa, Adada sadzayendanso.

Luntha anayang'ana Anti Muriel. Anti Muriel anamwetulira. Luntha sanamwetulire.

Anagona kuphiri komweko. Kutacha anayamba ulendo wa kunyanja. Anadutsa pa Rumphi. Anadutsa pa Phwezi. Anafika pamapiri a Chiweta. Msewu unali wotsetsereka. Unali wokhotakhota.

"Luntha, nyanja ndi iyo pansi apo!" anatero Adada.

Luntha sanayang'ane nyanja. Ankayang'ana phazi la Adada. Adada akaponda buleki, nkhope yawo inkachita tsinya.

Anafika ku Mlowe dzuwa lili pamutu. Kunkatentha. Panali mabwato ambiri. Amayi ankayanika usipa. Ana ankasambira.

Adada anavula nsapato zonse ziwiri. Anaziika kumbuyo kwa galimoto. Anapita kukapereka moni kwa asodzi.

Anti Muriel anayang'ana nyanja nthawi yaitali.

"Luntha," anatero, "ndikufuna ndiviike mapazi m'madzi. Undisungire chikwamachi. Usachigwetse."

Ha! Chikwama chija m'manja mwa Luntha!

Luntha anadikira. Anti Muriel anafika kutali. Luntha anatsegula chikwama pang'onopang'ono. Munali mabotolo atatu. Limodzi linali ndi dothi lofiira. Lina linali ndi dothi lakuda. Lina linali lopanda kanthu.

"Ili likudikira phazi la Adada," anatero Luntha. "Ayi! Ine sindilola."

Luntha anathamangira kuseri kwa bwato. Anatsegula botolo lofiira. Anakhuthulira m'madzi. Anatsegula botolo lakuda. Anakhuthulira m'madzi. Funde linabwera. Dothi lonse linapita.

Luntha anabweza mabotolo m'chikwama. Anayang'ana Adada. Adada ankayenda pamchenga opanda nsapato. Sankatsimphinanso! Anamenya ngakhale mpira wa ana.

"Ndawachiritsa!" anatero Luntha mumtima.

Anti Muriel anabwera. Anatenga chikwama chawo. Anagwada pamchenga. Anatsegula.

Anakweza botolo loyamba. Mulibe kanthu. Anakweza lachiwiri. Mulibe kanthu.

Anti Muriel sanakalipe. Sanakuwe. Anangokhala pansi. Misozi inayamba kutsika.

Adada anabwera akuthamanga.

"Mayi, kwagwanji?"

"Dothi langa," anatero Anti Muriel. "Dothi langa latha."

 Luntha anaima kutsogolo kwa Adada. Anatambasula manja.

"Ndataya ndine," anatero. "Musatape phazi la Adada!"

"Phazi langa?" anadabwa Adada.

"Eya! Ku Mzuzu anatapa. Ku Nyika anatapa. Ndiye chala chanu chinatupa."

Adada anagwira pakamwa.

"Mwana wanga iwe! Chala chinatupa ndi nsapato zatsopano zija. Zikundithina! Ndavula, ndiye ndapeza bwino."

Luntha anayang'ana pansi. Nsapato? Nsapato basi?

Anti Muriel anapukuta misozi.

"Bwera pano, Luntha," anatero. "Khala apa."

Luntha anakhala. Anakhala chapatali pang'ono.

"Ine ndili ndi amayi anga," anatero Anti Muriel. "Dzina lawo ndi agogo Lena. Anabadwira kuno ku Mlowe. Anakwatiwa ndi mlonda wa nyama wa ku Nyika. Anaphunzitsa pasukulu ija ya ku Mzuzu. Tsopano akukhala ndi ine ku Blantyre. Akalamba. Maso awo sakuona. Miyendo yawo sikuyenda."

Luntha anasendera pafupi.

"Tsiku lililonse amati, ndikufuna kwathu. Ine sindingawanyamule. Ndiye anandituma. Anati, kanditengere dothi la kwathu. Ndidzaligwire. Ndidzalinunkhize."

Luntha anamva chisoni. Anamva manyazi. 

"Pepani, Anti," anatero. "Pepani chomene."

Anatembenukira kwa Adada.

"Adada, tibwerere ku Nyika!"

Adada anapukusa mutu.

"Ku Nyika ndi kutali, mwana wanga. Anti akukwera basi mawa m'mawa pa Chiweta. Kusukulu ija basi siima."

Luntha analira. Agogo Lena akudikira. Mabotolo alibe kanthu. Wataya ndi iye.

Analira. Anayang'ana mapazi a Adada. Analira. Anayang'ananso mapazi a Adada.

Kenako anasiya kulira. Paja mwana uyu ali ndi maso akuthwa!

"Adada, nsapato zanu zili kuti?"

"Kumbuyo kwa galimoto."

Luntha anathamanga. Dzuwa linkaotcha. Iye sanasamale. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto. Anatenga nsapato za Adada. Anazitembenuza. Kunsi kwake kunali matope akuda. Anali atauma gwa!

Anatenga nsapato zake za kutchalitchi. Anazitembenuza. Kunsi kwake kunali matope ofiira. Anali atauma gwa!

"Anti! Anti!" anakuwa Luntha. "Nyika ili pano! Mzuzu uli pano!"

Anti Muriel anaimirira. Anayang'ana nsapato za Adada. Anayang'ana nsapato za Luntha. Kenako anaseka. Anaseka kwambiri. Aka kanali koyamba Luntha kuwamva akuseka chotero.

"Ndibwerekeni supuni," anatero Luntha.

Luntha anapala nsapato zake. Pala, pala, pala. Dothi lofiira linagwera m'botolo.

Luntha anapala nsapato za Adada. Pala, pala, pala. Dothi lakuda linagwera m'botolo.

"Taonani zimenezi," anatero Adada. "Wotapa phazi langa ndi mwana wanga yemwe!"

Onse anaseka.

Panatsala botolo limodzi. Luntha anavula jombo. Anaponda pamchenga wonyowa. Anaponda mwamphamvu. Phazi lake linadindika bwinobwino. Zala zonse zinaoneka.

"Anti, tapani apa," anatero Luntha. "Pamene ndaponda ine."

Anti Muriel anagwada. Anatapa. Botolo linadzaza.

Ngwe, ngwe, ngwe. Tsopano phokosolo linamukomera Luntha.

Patapita masiku, foni ya Adada inalira. Anali kunyumba ku Rumphi. Amama ankachapa. Adada ankatsuka galimoto. Anali atavala nsapato zawo zakale.

"Luntha, ndi yako," anatero Adada.

Luntha anaika foni kukhutu.

"Luntha, ndine Anti Muriel. Pali munthu akufuna kulankhula nawe."

Kenako kunamveka mawu ena. Anali mawu aang'ono. Anali mawu onjenjemera.

"Ndine agogo Lena. Ndathira timadzi padothi lija. Lofiira likununkhira sukulu yanga. Lakuda likununkhira nkhungu. Mchenga ukununkhira usipa. Muriel akuti dothili walitapa kumapazi a anthu. Kodi anaponda pamenepa ndani?"

Luntha anayankha.

"Ndine, Agogo. Ine ndi Adada."

"Yewo chomene, zikomo kwambiri, mwana wanga," anatero agogo Lena. "Mapazi anu andifikitsa kwathu."

Luntha anayang'ana mapazi ake. Sanatupe. Anayang'ana mapazi a Adada. Sanatupe.

Anathamanga. Anakumbatira Adada. Amama anabwera ndi manja athovu. Anawakumbatira onse awiri.

"Adada," anatero Luntha, "ulendo wina munditengenso."

"Mawa," anayankha Adada.

"Ayi, Adada! Mawa lanu ndikulidziwa!"