Chipsera cha Mkwati

Chala anatuluka mu holo ya ukwati otsuka mbale atazimitsa kale magetsi a kukhitchini. Analibe womuloza chala koma iye mwini. Akwati anapita, alendo anapita, iye n'kutsalira akujambula mipando yogwa ndi maluwa opondedwa, ati nazonso zili ndi kukongola kwake. Pofika pa siteji, minibasi yomaliza inali itanyamuka kalekale, foni nayo itathima. Panatsala miyendo basi.

Dzina la Chala anamupatsa ndi ojambula anzake chifukwa chala chake sichinkachoka pa batani la kamera. Munthuyu ankadana ndi chikwama cha kamera koopsa. Ankati chithunzi chabwino sichidikira kuti utsegule zipi. Kamera yake inkayenda ili yoyatsa, chivindikiro cha lenzi chili m'thumba la malaya, lamba atamuzunguliza pa dzanja n'kumanga mfundo kuopa olanda. Mkazi wake ankamunena kuti mkazi wamkulu m'nyumbamo ndi kamera, iye anangobwera kudzathandiza ntchito.

Usiku umenewo kamerayo inanyamula katundu woposa masiku onse. Mkwatibwi anali mlongo wake weniweni, chitsirizira kwawo, ndipo Chala anakaniza wojambula wina aliyense kulowa mu holomo, ati n'zamanyazi kuti mlendo ajambule mlongo wake iye ali moyo. Ndiye zithunzi zonse za tsikulo zinali m'kakhadi kamodzi kakang'ono ngati chikhadabo, mkati mwa kamera. Kwina kunalibe. Potsanzikana, mkwati anamukokera pambali n'kumunong'oneza kuti akamakonza zithunzi pa kompyuta amuchotseko chipsera cha pa chibwano. Chala anavomera akuseka.

Njira yachidule inkadutsa pa mlatho wakale wa zitsulo kuseri kwa mafakitale, pomwe magetsi a mumsewu anafa osakonzedwanso. Chala analowa pamlathopo akuimba mluzu wodzilimbitsa mtima. Ali pakatikati, china chake chinasuntha kumanzere. Mutu usanaganize, chala chinali chitadina kale. Kuwala kunati ng'ani! M'kuwalamo munaima mayi wovala diresi lachikale la maluwa, phazi limodzi lopanda nsapato, kathumba ka pepala ka ku sitolo ya mankhwala kali m'manja.

Chala anapepesa msangamsanga, ati ndi chizolowezi chabe, afufuta pompano. Mayiyo anangotambasula dzanja n'kugwira lamba wa kamera pafupi ndi mfundo.

Kuzizira kwake! Kunalowa m'dzanja, kukwera mkono wonse, mpaka m'mano.

"Mwachokera ku ukwati," anatero mayiyo. Silinali funso.

Chala anakoka. Lamba sanasunthe. Anakokanso ndi mphamvu zake zonse. Mayi wowonda chonchija, koma zinali ngati lamba wakodwa pa chitsulo cha mlatho. Kumene wachokera, mdima. Kumene akupita, mdima. Magetsi a mafakitale aja... kulibe. Ngakhale madzi pansi pa mlatho anasiya kusokosa.

Njira yothawira inalipo, ndipo ankaidziwa bwino. Mfundo ija anamanga yekha. Kungosolola nsonga imodzi, dzanja likanatuluka, iye n'kuliyatsa liwiro, kamera n'kutsala. Dzanja lamanzere linafikadi pa mfundopo, koma linaima. Anaona nkhope ya mlongo wake ikufunsa kuti achimwene, zithunzi zatuluka bwanji? Akamuuza chiyani? Kuti wasiyira mayi wina pa mlatho? Tsiku lija silikanabwereranso. Chala anali wamantha, tisamunamizire, ndipo misozi inali ikutsika, komabe anachotsa dzanja pa mfundo.

"Ndionetseni," anatero mayiyo. "Simuchoka pano ndisanamuone."

Ndani? Chala anatembenuza kamera n'kuyamba kubweza zithunzi chimodzichimodzi pa kagalasi ka kumbuyo. Apa m'pamene chizolowezi chake chinamutembenukira, pakuti munthu wojambula chilichonse choyenda amadzaza khadi ndi zachabechabe. Mipando. Maluwa opondedwa. Galu wa pa geti. Woperekera zakumwa akuyasamula. Mayiyo anaweramira pafupi, tsitsi lake likukhudza tsaya la Chala. Mpweya wa m'mphuno mwake sunamveke... Sankapuma!

Pakona ya kagalasi chizindikiro cha batire chinafiira. Kamera yokhala yoyatsa tsiku lonse, ukanayembekezera chiyani? Batire lina linali m'chikwama chodedwa chija, kunyumba pa msomali. Chizindikiro chinayamba kuphethira. Nanga ikathima mayiyu asanamuone amene akumufunayo? Chala chake chinapitiriza kudina batani. Keke. Ana ovina. Mkwatibwi. Mayiyo anapukusa mutu. Mkwatibwi ndi anzake. Anapukusanso. Lamba anayamba kuthina. Dzanja linachita dzanzi.

Kenako panabwera mkwati yekha, atatembenukira cham'mbali akuseka, chithunzi chimene Chala anachita kumubera mwini wake asakudziwa.

Mayiyo anaika chala pa kagalasi, pa chibwano penipeni.

"Linapola," ananong'ona. "Bala lija linapola... Musachichotse chipseracho, bambo. Ndidzamuzindikira ndi chiyani?"

Kagalasi kanathima. Lamba analendewera. Chala anagwa chagada pa zitsulo, ndipo phokoso la madzi linabwerera m'makutu. Pa mlathopo panalibe munthu. Mmene anafikira kwawo sakumbuka. Mkazi wake amangoti anamupeza pakhomo atakumbatira kamera, akulephera kulowetsa kiyi pa loko.

Mawa lake masana akwati anabwera kudzaona zithunzi pa kompyuta. Mlongo wake ankaseka, kuwomba m'manja, kudandaula kuti apa achimwene mwandinenepetsa dala. Chala sankaseka. Ankafuna aimire pa mipando yogwa ija asatsegule chithunzi chomaliza, koma chala chake sichimva. Chinadina. Mayi wa diresi la maluwa anadzaza kompyuta yonse, maso ali pa iwo, kathumba kali m'manja.

Mkwati anadzambatuka, mpando n'kugwa. Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pa chibwano.

"Alamu, awa munawajambula liti?"

"Dzulo usiku, pa mlatho wa zitsulo."

Mawu amene anatuluka mwa mkwati anali a kamwana. Anafotokoza kuti ali wamng'ono, sukulu asanayambe n'komwe, anagwa pa masitepe madzulo ena n'kung'ambika chibwano. Amayi ake anamusiya kwa oyandikana nawo magazi ali chuchuchu, n'kuthamanga kukagula bandeji ndi mankhwala. Pobwerera, galimoto inawagunda pa mlatho womwewo. Nsapato yawo imodzi sinapezeke. Panali patadutsa zaka zoposa makumi awiri, ndipo kwawo kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi.

Mkwati anafunsa ngati amayi akewo analankhula. Chala anamuuza mawu onse osasiyako, ndipo mkwati anakhala pansi pa simenti n'kulira mokweza, mkazi wake atamugwira mutu.

Chithunzi chachikulu cha ukwatiwo chili pakhoma la pabalaza pawo, chipsera chili poonekera. Pambali pake pali china chaching'ono cha mayi wa nsapato imodzi, ndipo mkwati uja anachikhoma cham'munsi pang'ono, kuti maso a amayi ake alingane ndi chibwano chake pa chithunzi chachikulucho.