Loboti Yoopa Apongozi

Dzanja lachitsulo linatola dzira patebulo, linalitembenuza mofatsa, n'kuliika m'mbale osaliswa. Kenako dzanja lomwelo linatola njerwa n'kuifinya mpaka inasanduka fumbi. Fatsani analumpha pampando n'kuyamba kuvina pakati pa mawaya.

"Asiyatu, bwera udzaone! Ndalemba mizere iwiri yokha, iwiri basi!"

Munali m'chaka cha 2074, ndipo chiyankhulo chatsopano cholembera mapulogalamu, chotchedwa Lilime, chinali chitangofika mu Lilongwe. Kale wolemba pulogalamu ankatcha chinthu chilichonse dzina m'zilembo za Chingerezi, ndipo makina sankasamala za tanthauzo lake. Dzira unkalitcha x, njerwa y, kenako n'kutaya sabata yathunthu ukufotokozera makinawo kuti x amasweka. Lilime linathetsa chintchito chimenecho. Linkalola dzina la m'chiyankhulo chilichonse, lolembedwa m'zilembo zilizonse, ndipo likaliona linkakalifufuza m'nkhokwe ya mawu, mmene munasungidwa zimene anthu anayankhulapo pawailesi, m'makhoti, m'nyimbo ndi m'misika. Ukalemba kuti dzira, zala za loboti zinkafewa zokha. Ukalemba kuti khanda, inkatsitsa ndi mawu omwe.

Asiyatu, mnzake wa Fatsani pantchito, anali wa ku Machinga. Iye mayina ake ankawalemba m'Chiyao, m'zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira kumadrasa ali mwana, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Makina ake osokera ankamva Chiyao kuposa ana ake obadwira m'tauni. Anzawo a ku Ethiopia ankawatumizira zigawo zolembedwa m'zilembo zakwawo, ndipo zonsezi zinkakhalira limodzi m'pulogalamu imodzi ngati amalonda mumsika.

Koma loboti ya Fatsani sinali yongosewera ndi mazira. Apongozi ake, a Nankhoma a ku Linthipe, ankadwala matenda a shuga, ndipo maso awo anali atafooka moti sankathanso kudziyezera mankhwala. Amene ankawabaya jakisoni m'mawa uliwonse anali mwana wawo Ndaziona, mkazi wa Fatsani. Tsopano Ndaziona anali ataitanidwa kukagwira ntchito kumlengalenga, pa siteshoni yotchera mphamvu ya dzuwa, ndipo ponyamuka anangosiya mawu amodzi: "Amayi anga ndakusiyira iwe ndi chidole chakocho."

Asiyatu anasuzumira pagalasi la kompyuta n'kuloza mzere wina. "Apa walemba kuti apongozi. Bwanji osangoti wodwala?"

"Ine? Apongozi anga ndiwatche wodwala, ngati ndawatola pamsewu? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo, ndipo zala zanga nazo zikana."

M'mawa mwake minibasi youluka inawatsitsa pa Linthipe, Fatsani patsogolo, loboti pambuyo. Anthu anasiya ntchito n'kumawatsatira, ndipo Fatsani ankayenda chifuwa chili patsogolo ngati ndiye anapanga dzuwa. Atafika pabwalo anapeza a Nankhoma atakhala pakhonde. Monga mwa mwambo, Fatsani anapatuka, anagwada poteropo n'kuyang'ana kumbali. Atatembenuka kuti auze loboti ipite, anaipeza nayonso yapatuka. Inali itagwada kuseri kwa thanki ya madzi, nkhope italoza kuchimanga, ikuwomba m'manja mwaulemu.

Anthu anafa nacho chiseko. Mayi wina wa nyumba yoyandikana anachita kukhala pansi. Fatsani nayenso anaseka, koma chiseko chake sichinapite patali. A Nankhoma anati akumva chizungulire ndipo analowa kuchipinda kukagona. Kachipangizo koyeza shuga kamene kanali pamkono pawo kanayamba kulira, ndipo pawotchi ya Fatsani nambala inali kukwera.

"Dzuka, lowa ukawabaye jakisoni," anailamula.

Loboti inayenda mpaka pakhomo la chipinda n'kuima nji.

"Pepani bwana, apa ndiye sindingapitirire."

"Chifukwa?"

"Munanditchulira mayiwa kuti apongozi. Wotchula munthu kuti apongozi ndi mkamwini. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi, sawayang'ana kumaso, ndipo sawagwira thupi. Inunso mukudziwa, n'chifukwa chake mwaima panja."

Fatsani anaimbira Asiyatu pawotchi yake. Asiyatu anaseka mpaka kutsokomola, koma atamva kulira kwa kachipangizoko anasiya.

"Ndisinthe dzinalo msanga?" anafunsa Fatsani.

"Usayerekeze! Ukasintha dzina, kwa iyo akhala munthu wachilendo. Iiwala zonse zimene yaphunzira za magazi awo kudzera pakachipangizoko, ndipo kuti iwaphunzirenso pafunika tsiku lathunthu."

"Nanga nditulutse mankhwalawo, abaye munthu wina?"

"Si iwe wemwe unawatsekera m'dzanja la lobotiyo kuti wina asalakwitse muyezo? Itana ambulansi."

Ambulansi youluka inayankha kuti ili kutali ndi odwala ena, ifika masana. Fatsani anayang'ana nambala ija ndipo mantha anamugwira zenizeni. Adzamuuza chiyani Ndaziona? Kuti amayi ake anakomoka mankhwala ali pakhomo, chifukwa cha ulemu?

Pamenepo m'chipinda munamveka mawu ofooka. A Nankhoma sankayankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso, ndipo popeza panalibe mwana woti amutume, anatuma chimene chinali pafupi.

"Chitseko iwe, tawafunsa akamwini, chavuta n'chiyani kunjako?"

Fatsani anagwada. "Chitseko, uwauze amayi kuti makinawa akuchita nawo manyazi. Akudziyesa mkamwini."

M'chipindamo munamveka kaphwete.

"Ndiye kuti chitsulochi chinaleredwa bwino, bwanji? Chitseko, uwauze asalire. Kwathu kuno mpongozi akafuna kuti manyazi athe, amapereka nkhuku. Agwire tambala wofiira uja."

Anthu a ku Linthipe sadzaiwala zimene anaona m'mawa umenewo. Katswiri wa makompyuta, jekete ili pathupi, anathamangitsa tambala kuzungulira nyumba, kudutsa m'dimba la mpiru, kulowa pansi pa ngolo. Tambala naye sanafune kulowa m'mbiri mwaulere. Fatsani anagwa kawiri, anang'amba buluku pabondo, koma pomaliza anatuluka m'zitsamba atamukumbatira, nthenga zili m'tsitsi.

Mayi woyandikana uja anatenga tambalayo n'kulowa naye kuchipinda kuti a Nankhoma amugwire ndi dzanja lawo. Kenako anatuluka naye n'kuima pamaso pa loboti. Kuchokera mkati, mawu aja anati, "Landira nkhukuyi. Kuyambira lero ndiwe mwana wanga. Manyazi atha, lowa."

Timagetsi ta m'maso mwa loboti tinayamba kuphethira. Inali kufufuza m'nkhokwe ya mawu ngati mwambo umenewu ulikodi. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Ikakana ndiye tapsa."

Loboti inagwada, inatambasula manja onse awiri n'kulandira tambala, zala zake zitafewa. "Zikomo amayi," inatero. Inamupereka kwa Fatsani kuti aigwirire, inagogoda kamodzi, n'kulowa.

Posakhalitsa kachipangizo kaja kanatonthola. Nambala inaima, kenako inayamba kutsika pang'onopang'ono. Mayi uja anaimba nthungululu ndipo bwalo lonse linayankha. Fatsani anavina ndi tambala m'manja, akukuwira muwotchi kuti, "Asiyatu, yalowa! Yawabaya!"

"Siya kukuwa, tayang'ana pulogalamu yako!" anatero Asiyatu mwachimwemwe. "Paliponse pamene unalemba kuti apongozi pasintha. Pali amayi tsopano, ndipo sinaiwale kalikonse! Makina atcha okha dzina, Fatsani! Zimenezi sizinachitikepo. Mawa dziko lonse litiimbira foni!"

Dzuwa litapendeka, anthu anabalalika. Fatsani anakhala pakhonde, nsana utaloza kuchipinda monga ankakhalira zaka zonse za ukwati wake. Mkatimo munali phwando. Loboti inali kuwasisita mapazi a Nankhoma, iwo akuisimbira za ubwana wa Ndaziona, nkhani zimene Fatsani sanazimvepo. Ankaitchula kuti mwanawe, iyo n'kumayankha kuti wawa, ndipo onse awiri ankaseka mokweza. Fatsani anamvetsera mpaka nsanje inamugwira.

Anakonza kukhosi. "Chitseko iwe, tawafunsa amayi, kodi tambala analipo mmodzi yekha?"

Chiseko chinaleka mkatimo. Kenako a Nankhoma anayankha mofatsa, opanda mkwiyo.

"Chitseko, uwauze akamwini kuti nkhuku zilipo zambiri. Koma uyu wabwera kudzakhala nane. Iwo akadzayamba kubwera okha, osati kutuma zitsulo, tidzakambirana."

Fatsani anayang'ana tambala amene anali atamumangirira pamwendo wa mpando, ndipo tambalayo anamuyang'ananso. Anaseka, koma mumtima munamuwawa, poona kuti makina amene iye anawaphunzitsa mawu a kwawo anali atalowa kale m'banja, mwini wake akadali pakhonde.